Zimene Chipale Chinabisa

Chipale chofewa chitayamba kusungunuka, pabwalo pa Mayi Haugen panatuluka timaluwa ta kirokasi, tachikasu ndi toyera. Panatulukanso tizidutswa ta ndudu. Osati tiwiri kapena titatu ayi, mulu! Tonyowa, totupa ngati mphutsi, tina titakanirira m'kati mwenimweni mwa maluwa.

"Nyansi!" anatero Mayi Haugen, akutola ndi magolovesi n'kumaponya m'chidebe. 

Mwini wake wa nyansizo ankamudziwa. Ndani winanso kupatula Kowalchuk, mkulu wokhala m'chipinda cham'mwamba, amene khonde lake linali pamwamba penipeni pa maluwawo? Chilowereni m'nyumbamo anali asanapatsanepo moni, ndipo analibe nazo ntchito. Nyengo yonse yozizira, masana aliwonse, ankamva mapazi akuyenda m'mwambamo, kenako chitseko cha pakhonde, kenako fungo la fodya likulowera pazenera.

Munthu wopanda chisoni! Sankadziwa kuti pansi pake pali wodwala? Amuna a Mayi Haugen, a Vern, anawachotsa phapo limodzi mu Okutobala, ndipo dokotala sanapsatire mawu: utsi ukalowanso m'phapo lotsalalo, konzani maliro. Mwayi wake, nthawi imene chimunthucho chinkasuta, a Vern ankakhala atapita kokawongola miyendo monga anawalamulira dokotala. Ngakhale tsopano anali atangotuluka. Bambo aukhondo inu! Ankabwerako nsapato zili zouma, osapondetsa matope m'nyumba ngakhale tsiku limodzi.

Lero zinayenera kutha basi. Kalata yokamuneneza kwa eni nyumba inali kale m'thumba, ndipo chidebecho chinali umboni. Asamuke, akanunkhitse kwina.

Pamsewu panaima galimoto. Anatsika Kowalchuk yemwe uja, nkhope itapsa ndi dzuwa, atavala kabudula mphepo yonseyi ngati wamisala.

"Bambo inu, tabwerani kuno!" anakuwa Mayi Haugen, akumuloza ndi chidebe. "Taonani manyazi anuwa. Maluwa anga mwawasandutsa dzala. Mukufuna kundiphera amuna anga, eti?"

Kowalchuk anasuzumira m'chidebemo n'kutseka mphuno.

"Ii, mayi, chotsani, zikununkha! Ine fodya sindinamulawepo chibadwire."

"Bodza lenileni! Masana aliwonse ndimakumvani ndi makutu angawa."

"Ine? Ine ndinathawa chisanu mu Novembala, ndinali kwa mwana wanga ku Arizona. Ndikungofika kumene, katundu akadali m'galimotomo." Anasisita m'matumba mwa kabudula wake. "Kodi a Vern alipo? Ndikufuna kiyi wanga. Ndinawasiyira kuti azindithirira maluwa masana aliwonse."

Mayi Haugen anayang'ana m'mwamba. Pakhonde lam'mwamba paja wina anatsokomola, chifuwa chimene mayiwo anachidziwa kwa zaka makumi anayi.