Utsi wa ku Dimba

Ndege ya adokotala inatsika mpaka nthochi za m'dimba zinawerama, ndipo Mainess anasolola dzanja lake m'manja mwa Bizwell.

Kufukiza utsi wolondolera ndege pabwalo la mishoni inali ntchito ya atate ake a Mainess, a Sankhani. Koma lero utsi wawo unachepa, pamene wa Mainess, woitanira Bizwell mobisa, unali tolotolo. Woyendetsa anatsata wa ku dimba. Atasowa potera, anakhotera ku Fort Jameson, mayi wodwala amene anadzamutenga ali chigonere pamachira pabwalo paja.

"Thawa!" Mainess ananong'ona. Bizwell analowa m'bango.

Anthu anafika akuthamanga, abusa patsogolo, ali wefuwefu.

"Wayatsa moto uwu ndani?"

A Sankhani anayang'ana mapazi a nsapato zachimuna pamatope, kenaka anayang'ana mwana wawo.

"Ndine, abusa," anatero. "Ndimatentha zinyalala m'mawa, ndaiwala kuzimitsa. Ukalamba."

"Inu, mkulu wa mpingo wathunthu!" Abusa anapukusa mutu. Amayi ena anatsonya.

Nkhope ya Mainess inatentha kuposa motowo. "Atate, ine…"

"Katunge madzi, mama," anatero a Sankhani osamuyang'ana. "Tizimitse."