Kapitawo Amene Anachotsa Mizati Lachinayi

Panali munthu wina amene anakwezedwa kukhala kapitawo pamalo pomwe ankamanga nyumba yosanja. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti inachitikadi. Lamlungu bamboyu ankatsogolera mapemphero kutchalitchi, koma Lolemba akangovala chisoti chake ankasanduka wina. Antchito anamupatsa dzina lakuti Chimkuntho.

Tsiku lina mwini nyumbayo anaimba foni kuti Lachisanu abwera kudzaona ntchito. Chimkuntho anafuna kuti bwanayo adzapeze chipinda chapansi chili mbee, choncho Lachinayi m'mawa analamula kuti mizati yonse yochirikiza silabu yam'mwamba, denga la konkire la chipindacho, ichotsedwe.

Mmisiri wina wachikulire, amene anamanga nyumba zaka makumi atatu, anavula chisoti n'kusendera pafupi.

"Bwana, konkire ija yangotha masiku asanu. Sinakhwime. Tiyeni tidikire."

"Madala, kapitawo pano ndi inu kapena ine?"

"Ndinu, bwana. Koma simenti sidziwa udindo wa munthu."

Antchito ena anaseka chamumtima. Chimkuntho anapsa mtima.

"Tengani zipangizo zanu muzipita! Ndipo wina aliyense wofuna kundiphunzitsa ntchito, geti ndi lomwelo."

Mkuluyo anatola chikwama chake n'kutuluka osatembenuka. Mizati inachotsedwa.

Masana, wothira matope wina anaona mng'alu wopyapyala ngati ulusi kudenga. Anakodola mnzake. Onse anayang'ana m'mwamba, kenako anayang'anana.

"Kamuuze."

"Ine? Ndili ndi ana anayi. Kamuuze iweyo."

Palibe anapita. Lachisanu m'mawa mng'alu uja unali woti chala n'kulowa, ndipo fumbi linkayoyoka lokha. Antchito anayamba kudzipezera zochita panja, wina kumchenga, wina kunjerwa.

Chimkuntho anafika ali mu suti. Anaitana kalipentala, amene anali mchimwene wa mkazi wake.

"Alamu, lowani m'chipinda chapansi mukakhome chitseko bwana asanafike."

"Alamu, denga lija likulira. Imvani nokha."

"Inunso mwayamba? Ntchitoyi ndinakupezerani ndine. Tiyeni, ndikuperekezani ngati mukuopa."

Kalipentala uja anatenga hamala n'kumutsatira. Anangokhoma misomali iwiri. Denga lonse linatsika.

Antchito omwe ankawatukwana aja ndi amene anafukula ndi manja mpaka zala kutuluka magazi. Chimkuntho anamupeza ali moyo, miyendo yonse itaphwanyika. Mlamu wake anamupeza atazizira kale.

Lero bamboyu amayenda pa njinga ya olumala. Mkazi wake amamusambitsa, amamudyetsa, amamugoneka. Sanamudzudzulepo ngakhale tsiku limodzi. Koma ana a malemu aja akabwera kudzacheza n'kumupatsa moni kuti, "Muli bwanji ankolo?" iye amangoyang'ana kukhoma.

Phunziro: Udindo ndi katundu wosenza, si ndodo yomenyera anthu. Yesu, amene anali Mbuye, anagwada n'kusambitsa mapazi a ophunzira ake, ndipo anati wofuna kukhala wamkulu akhale wotumikira anzake. Mfumu Rehobowamu anakana malangizo a akuluakulu, ufumu unagawanika m'manja mwake. Ngati antchito anu akuopa kukuuzani zoona, tsoka lili kale pakhomo. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi anthu pansi pake, mwina ipulumutsa moyo wa wina.