Galimoto itagwa pa jeke

Chiphokoso chitamveka pabwalo, mayi wapakhomopo anataya zovala zomwe ankachapa n'kuthamangirako. Galimoto inali itagwa, mbali imodzi itakhala pansi. Chitsulo chomwe jeke inachirikiza chinali chodyeka ndi dzimbiri, ndipo chinangobooka.

Mwamuna wake anali atalowa kunsi kwa galimotoyo kuyambira m'mawa, akupala dzimbiri ndi bulashi ya waya komanso sandipepala.

"Bambo a mwana," anaitana mayiyo. Kunali zii.

Kenako anaona zofiira zikuyenderera pa simenti kuchokera kunsiko, pang'onopang'ono, mpaka kukhudza zala za kumapazi kwake. Anafuna kuwerama kuti asuzumire, koma thupi linakana.

Mlamu wake anatuluka m'nyumba n'kugwira bampala. "Alamu, gwirani apo tinyamule. Mwina akupumabe."

Ananyamula mpaka manja kuchita dzanzi, galimoto osasuntha.

"Mukutani ndi galimoto yanga?"

Anali mwamuna wake uja, ataima pageti, sandipepala watsopano ali m'manja. Wakale atatha, anangothamangira kusitolo osatsanzika.

Mayiyo anangokhala pansi. Bamboyo anagwada n'kusuzumira kunsi kuja. Chitini cha penti yofiira yoteteza dzimbiri chinali chitaphwanyika ngati chigoba cha dzira, pamalo penipeni pomwe ankatsamiritsa mutu.

Anadzuka, kenako anakomoka n'kumenyetsa chipumi pa bampala.

Kuchipatala, namwino yemwe ankasoka balalo anafunsa ngati inali ngozi ya galimoto.

"Ayi," anatero mayiyo. "Galimoto inawaphonya. Awa ndi mantha chabe."