Mkamwini Wopanda Dzino Lobowoka

Mayi sanadikire kuitanidwa. Makina ojambula mano atangosiya kulira, anakankha chitseko cha chipinda cha dokotala wa mano n'kukhala pampando wa pafupi ndi tebulo. Chikwama anachiika pambali pa kapu ina yovundikira ndi kapepala. Telala, amene ankafuna kukwatira mwana wawo, anali akulowera kutebulo komweko. Mayi anamuuza kuti abwerere akakhale pansi. Anabwerera, pakamwa atatseka.

Nkhani yake inali yosavuta. Mayiwa anakalamba msanga chifukwa cha mano a amuna awo. Bambo akunyumbawo ankabuula ngati ng'ombe, tsaya lili tumbi, akutafunira mbali imodzi mpaka mbali zonse zinatha. Ndiye mayi analumbira kuti mwana wawo sadzakwatiwa ndi wodwala mano. Telalayu anali ndi mano oyera, ondondozana bwino ngati mabatani a shati yatsopano. Koma zimenezo sizinawagwire mtima. Bambo aja nawonso, podzafunsira ukwati, anabwera akumwetulira. Mayi anamuuza telalayo mosapsatira kuti popanda ekisire ya mano palibe ukwati.

Zilembo zinkawavuta mayiwa, koma zithunzi za mano ayi. Anaperekeza amuna awo m'chipinda chomwechi mpaka anaphunzira. Kadontho kakuda pa dzino, ndiye kuti laola. Choyera mbee, chowala kuposa dzino, ndiye kuti anamatapo. Fupa likatsika, mizu ya dzino n'kukhala pamtunda, chimenecho ndi chiseyeye. Chithunzi cha amuna awo anabwera nacho kuti afananize. Chinali chodzaza thothotho, madontho uku, zomata uku, ngati msika woti anthu angoweruka kumene.

Dokotala anayatsa chithunzi cha telala pakompyuta.

"Amayi, tisanayambe, pali chinthu china choti..."

"Ine ndizifunsa, inu muziyankha. Inde kapena ayi. Ndasiya mphika pamoto."

Anafunsa ngati pali dzino loola. Dokotala anati palibe, koma. Anafunsa ngati pali lomata. Dokotala anati palibe, koma. Anafunsa ngati pali dzino limene fupa lalithawa. Dokotala anakanda m'mutu, anayang'ana telala, n'kunena kuti dzino lotero palibe, koma.

"Koma wanuyo mupite naye kwanu, adokotala. Mukamupatse akazi anu."

Anasendera pafupi kuti adzionere okha. Anafunafuna kadontho kakuda, osakapeza. Anafunafuna choyera mbee, osachipeza. Pomwe cha amuna awo chinali piringupiringu, ichi chinali see, ngati pakhonde posesedwa m'mawa. M'kamwa mwaukhondo chonchi anali asanamuonepo chibadwire.

Telala anakweza dzanja, akuloza kutebulo. Mayi anamuuza kuti atsitse dzanjalo, pano si pasukulu. Mumtima anakondwa. Mnyamata wosayankha akuluakulu, wongogwedeza mutu, masiku ano ukam'peza kuti?

Anaitana mwana wawo amene ankadikira panja. Anamuuza kuti akwatiwe, msangamsanga, ena asanamuone mwamunayu. Kenako anatulutsa foni. Anaimbira amuna awo, n'kuwauza kuti kwabwera munthu woti aziwatafunira. Anaimbira achimwene awo, azichemwali awo, ndi mnzawo wina amene nkhani sigona m'kamwa mwake. Kwa aliyense ananena mawu amodzimodzi.

"Ndavomera. Pasapezeke wobweza mawu angawa, ngakhale ine ndemwe."

Dokotala anali atasiya kuyesa. Anangokhala, atagwira tsaya.

Kulankhula konseko kunawaumitsa kukhosi mayiwo. Anadandaula kuti chipatala chonsechi munthu sangakupatse ngakhale madzi, n'kudzitengera okha kapu ija. Telala anadzuka, akupukusa mutu mwamphamvu. Mayi anamuuza kuti, khalani pansi akamwini, mwayamba kale kundimana?

Anachotsa kapepala kaja. Pansi pa madziwo, mano onse a telala, am'mwamba ndi am'munsi, oyera, ondondozana bwino ngati mabatani a shati yatsopano, anali akuwamwetulira apongozi awo.