Ntchentche Zitatu

Atelala anakupizanso dzanja. Ntchentche zinathawa, n'kubwerera. Zitatu, zakuda bii, m'chipinda cha dokotala wa maso.

Anachita tsinya. Chipatala chonsechi, uve wake womwewu? Khoma loyera, koma pakona pakulendewera ukonde wa kangaude. Ngakhale pagawuni ya dokotalayo panatera imodzi. Iye osaiona n'komwe.

Kunyumbanso n'chimodzimodzi. Masiku asanu tsopano. Ntchentche mu tiyi. Ntchentche pansalu za makasitomala. Mkazi wawo ankakolopa m'mawa, masana, madzulo, manja mpaka kusupuka ndi sopo.

"Zili pati, abambo? Ndilozereni," ankatero.

Mwano umenewo. Dzulo anamumasula: "Nyansizi kazichitira kwanu." Mkaziyo anatenga chikwama. Analongedza. Lero wangowaperekeza, poti usiku wathawu m'diso lawo lamanja munkang'anima ngati mphezi. Anakhala pabenchi yapakhonde, chikwama pamiyendo, akudikira kuti nthawi ya basi ikwane.

Dokotala anamaliza kuunika. "Kansalu ka kumbuyo kwa diso kang'ambika. Tikachedwa kamatuka konse, disoli lichita khungu. Tikamata pompano ndi leza."

"Lezala? M'diso mwanga?"

"Leza, bambo. Kuwala chabe. Palibe chodula. Inu mumasoka ndi ulusi, ife timasoka ndi kuwala."

Atelala sanaseke. Anayang'ana kachitsulo kotsamirapo chibwano. Zibwano zingati zathukuta zadutsapo?

"Pukutani kaye."

Dokotala anapukuta.

"Bwerezani. Yateraponso."

Dokotala anawayang'ana pang'ono. Anabwereza.

Mankhwala odontheza. Diso linachita dzanzi. Kenako kagalasi konyowa, kozizira, koterera ngati nkhono, kanakhudza diso lenilenilo. Atelala anakukuta mano. Kuwala kobiriwira. Thwa! Thwa! Thwa! Kupweteka kwapatali, ngati dzino loyamba kubowoka. Misozi inatsikira m'kolala.

Mphindi khumi, basi.

"Zatheka. Musanyamule zolemera sabata ino."

Atelala anaphethira. Kubiriwira kunayamba kuchoka. Ntchentche zija zinali pomwepo, pakhoma.

"Zikomo, adokotala. Koma ndinene, ine sindibisa mawu. Makina apamwamba chonchi, m'chipinda chauve? Ntchentche mbwee! Kangaude mpaka wamanga nyumba. Simuchita manyazi? Ine mkazi wanga ndamuthamangitsa chifukwa cha zomwezi."

Dokotala anaika kagalasi m'mbale. Anavula magolovesi pang'onopang'ono.

"Tatsekani diso lamanjalo ndi chikhatho."

Anatseka. Khoma mbee. Pakona palibe kanthu.

"Ndi timadontho ta magazi, bambo, tochokera pong'ambikapo. Tikuyandama m'diso mwanumo. Mwayenda nato masiku angati?"

Atelala anadzambatuka, n'kukankha chitseko. Pabenchi panalibe munthu, panalibe chikwama. Anachotsa chikhatho kumaso. Pamalo pomwe anakhala mkazi wawo panatera ntchentche zitatu.