Lole ya ku Mulanje

"Mbiri ya matenanti ilowa bwanji muno? Inu ndinu obwera," anatero a Kefasi, wapampando wa bungwe losunga mbiri ya ku Kapondo, poyankha pempho la mayi Anasi.

Anthu anaseka. Mayi Anasi, amene anakalambira m'minda ya fodya pa esiteti, anatuluka.

Patatha sabata anabwera ndi chithunzi chakale kwa Ivy, mlembi wa bungwelo.

"Paja lamulo lanu limati chithunzi chilichonse chikhomedwe ndi mayina a onse alipowo?"

"Eya, analikhazikitsa okha apampando."

"Lembatu, mwanangu. Usadumphe ngakhale mmodzi."

Tsiku la chionetsero a Kefasi, akuyendetsa alendo, anapeza chithunzicho chili pakhoma.

"Awa ndi obwera aja," anatero monyodola, akuloza lole yodzaza matenanti ochokera ku Mulanje mu 1976.

Mphunzitsi wina anawerenga mokweza mayina a m'munsi mwake. "Kamwana kopanda kabudulako, Kefasi."



"Ndinakatsitsa ndine m'lolemo, kakulira," anatero mayi Anasi ali kumbuyo. "Kabudulayo kananyowetsa tili pa Dedza. Ivy, wonjezera zimenezo. Ndi mbiri."