Mtondo wa Nagama ndi Timadontho Tosatopa

Belu lochenjeza likalira m'mawa, m'mudzi monse munkaletsedwa kugunda pansi mpaka dzuwa litapendeka. Kuseri kwa phiri makina ankajambula ndi ekisileyi timadontho ta mpweya wotchedwa heliyamu, tozizira kuposa chilichonse, tomwe timangozungulira osaima. Nthaka ikanjenjemera pang'ono, zithunzi zinkawonongeka.

Nagama anali atazolowera. Nkhuni ankawaza madzulo, mbuzi ankazimangirira pamchenga, musi unkagona padenga. Koma tsopano mwana wake Esinati anali atatha masiku atatu chiberekere, mawere ali gwa osatulutsa mkaka, khanda litasasa mawu ndi kulira. Pankafunika phala lotendera, ndipo mtedza sudzisinja wokha.

Nagama anatsitsa musi dzuwa lili paliwombo. Thi! Thi!

Mkamwini wake Lufeyo, mlonda wa makinawo, anafika ali wefuwefu. Kuyang'anizana ndi apongozi sakanatha, choncho ananjuta kuseri kwa nkhokwe n'kuwomba m'manja.

"Amayi, pepani, makina akumva. Eni ake atidulira magetsi mwezi wathunthu, ntchitonso indithera."

Nagama anayankha akuyang'ana mumtondo. "Bambo, makina anuwo amamva musi wanga, koma mwana wanu akulirayu sakumumva?"

Nagama anaimika musi n'kufunsanso.

"Paja munati timadonthoto sititopa?"

"Sititopa, amayi."

"Ndiye timadonthoto tidikire. Watopa ndi mwana wanga."

Musi unagundanso. Lufeyo anamvetsera kulira kwa m'nyumba, navula chipewa cha ntchito. Kenaka mawu ake otsika anatuluka kuseri kwa nkhokwe.

"Amayi, musi winawo uli kuti?"